Mngoni Anathawa Paipi ya Tebo

Nkhani iyi ndakhala ndikuikana kwa miyezi. Koma popeza inafika kale kwathu ku Ntcheu, ndipo kumeneko aithira mchere ndi tsabola mpaka ena akuti ndinathamanga chimapazi, ndaona kuti bola ndiinene ndekha. Nsapato ndinali nazo. Zinazo, zambiri mwa izo, n'zoona.

Ndimagwira ntchito pafakitale ina yopanga mashelefu achitsulo ku Kya Sand. Nditakwera matekisi a ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri, kupanikizidwa ndi kutukwanidwa m'zinenero zonse za kuno, ndinagula galimoto kwa mzungu wina wokalamba amene ankasiya kuyendetsa chifukwa cha maso. Inali ya dizilo, yotuwa, yayitali kumbuyo. Mtunda umene inali itayenda, ikanakhala munthu bwenzi tikuipatsa moni chogwada. Anzanga kuntchito ankaitchula sikolokolo, dzina limene kuno amapatsa galimoto yotheratu, koma onse amene ankanena zimenezo ankandidikira pageti poweruka.

Chaka chomwecho akazi anga anachira mwana wathu woyamba, Tadala, ndipo apongozi anga anakwera basi kuchokera ku Dowa kudzaona mdzukulu. Anakhala nafe miyezi iwiri m'kanyumba ka zipinda ziwiri. (Amene munakhalapo ndi apongozi pansi pa denga limodzi mukudziwa: munthu umatsokomola kaye usanalowe m'nyumba yako yomwe.) Amayiwo ndi amwambo. Sankandiyankhula mwachindunji. Tikhale moyang'anizana patebulo, mawu ankadzera kwa mwana wawo basi: "Uwafunse bambo a Tadala ngati awonjezere tiyi." Ine n'kuyankhanso kudzera komweko, ngati tili pa foni yosagwira bwino.

Vuto lawo linali mantha. Kumudzi anali atamva zonse za matsotsi a ku Joni, moti ngakhale kukayanika matewera panja ankayamba asuzumira pawindo. Ine m'malo mongowalimbitsa mtima ngati munthu wanzeru, ndinaonapo mwayi wodzitamandira.

"Muwauze amayi asaope," ndinauza mayi a Tadala. "Pano pali Mngoni. Makolo athu anachokera konkuno. Mfuti ikalira, ife timayamba tafunsa kaye kuti ikulira chifukwa chiyani."

Sindinanene kamodzi. Ndinanena pamene kunalira mafayawekisi kuseri kwa mpanda, ndinanenanso galu wa aneba atauwa. Apongozi ankangogwedeza mutu n'kunena kwa mwana wawo, "Uwauze kuti zikomo."

Tsopano galimoto. Sabata yomaliza apongozi asanabwerere, mayi eninyumba anandiitana n'kundilozera pasimenti pamene ndimaimika. Panali madontho akuda atatu. Nditatsegula boneti ndinaona paipi yaikulu yalabala, yonenepa ngati mkono wanga, itanyowa oyilo pamene imalumikizana ndi inzake yachitsulo, fumbi litamatirira pamenepo n'kupanga phala lakuda. Ndinakumbukiranso kuti masiku amenewo ndikaponda moto, kutsogolo kunkamveka kamluzu ngati ketulo ikuyamba kuwira.

Lachinayi ndinapita nayo ku Doornfontein kwa Che Jafali. Awa ndi makaniko wachikulire wa ku Namwera, wandevu zoyera, amene amakonza galimoto za Amalawi ambiri m'kagalaja kawo kuseri kwa mashopu opikulitsa nsapato. Sathamanga poyankhula. Anagwira paipi ija, anaifinya, anapukuta chala pansanza.

"Achimwene, musaope oyiloyu," anatero. "Mukuiona tebo iyi? Ntchito yake ndi kukankhira mpweya mu injini mwamphamvu, ndipo mpweyawo umadutsa m'mapaipi awa. Galimoto ikakalamba, kaoyilo pang'ono kamayenda nawo limodzi mpweyawo n'kumakhala m'kati. Si matenda. Nkhalamba iliyonse imadontha penapake."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Matenda ali apa. Labalayu wamwa oyilo mpaka wafewa, ndipo kilampu iyi," anagogoda kachitsulo kozungulira kamene kamamanga paipi, "yatopa. Mpweya ukuthawira pomwepa, ndiye kamluzu kanuko. Mawa ndi Lachisanu, ndili kumzikiti. Mubwere Lolemba, ndidzakhala nditapeza paipi ina. Koma mpaka Lolembalo, muziyenda ngati mwanyamula mazira. Ndipo musagwirepo."

Mawu omalizawo ndi amene anandipweteka. Musagwirepo? Ine amene ndimamanga mashelefu tsiku lonse ndi sipanala m'manja? Komanso Loweruka tinali ndi ulendo waukulu: kupita ndi apongozi ku Fordsburg kukagula mabulangete, makatani ndi mapoto zoti akatenge kumudzi. Sindinafune kuti mayi a mkazi wanga ayende m'galimoto yoimba mluzu.

Lachisanu popuma masana ndinaonera pafoni mavidiyo atatu a azungu akukonza paipi yotereyi. Mwa azungu onse atatuwo palibe amene anatenga mphindi khumi. Ndinadzimva kuti ndamaliza sukulu.

Loweruka m'mawa ndinayala katoni pansi n'kuyamba. Kumasula kunali kosavuta (kumasula sikuvuta, abale, ngakhale nyani amamasula). Paipi itachoka, munatuluka oyilo wakuda wokwana theka la kapu, n'kunditsikira m'khwapa. Ndinapukuta mmene ndinathera. Pobwezera ndi pamene nkhondo inayamba. Paipi inakana kulowa. Ndinakankha, ndinapotokola, ndinaitchula mayina amene sindingalembe pano. Kenako ndinalandira nzeru. Ndinalowa m'nyumba mwakachetechete, n'kutenga botolo la mafuta odzola a Tadala, n'kupaka bwinobwino pamlomo wa chitsulo chija. Paipi inangoti tsereree, kulowa yokha. Ndinaima n'kudzifunsa kuti amakanikowa amaphunzira chiyani zaka zonsezi.

Pomanga kilampu, ndinati ndiwonjezere mphamvu pang'ono kuti isadzavutenso. Inangoti thapu, kuduka. Ndinayang'ana uku ndi uku. Panali waya wopachikira malaya. Ndinamuwongola, n'kumuzunguliza kawiri, n'kupota ndi pulayala mpaka dzanja kuwawa.

Nditaliza injini, kamluzu kaja kunalibe. Ndinaitana mayi a Tadala.

"Tamverani. Mukumva chiyani?"

"Palibe."

"Eya. Muwauze amayi kuti m'banja muno muli injiniya."

Tinanyamuka dzuwa litakwera. Ine ndinavala malaya oyera amene ndimavala pa Mgonero. Mayi a Tadala anakhala kutsogolo, apongozi kumbuyo ndi khanda, atavala chitenje chatsopano ndi duku yofanana. Njira yonse ndinkayenda pang'onopang'ono, osati chifukwa chomvera Che Jafali, koma chifukwa ndinkalozera apongozi malo. Uwu ndi msewu wa ku bwalo la ndege. Phiri loyera lija si phiri, ndi dothi la m'migodi. Iwo ankangoti, "Uwauze kuti ndaona."

Titatsala pang'ono kulowa mu Fordsburg tinaima pamaloboti ena a pachitunda. Pambali panga panaima tekisi. Dalaivala wake anayang'ana galimoto yanga kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kunena kanthu kwa amene anakhala naye, onse n'kuseka. Sindikudziwa chimene ananena. Mwina ankakamba za mpira. Koma mtima wanga unamva kuti sikolokolo.

Maloboti atalola, ndinaponda mpaka pansi.

Galimoto inadumpha ngati yakumbukira unyamata wake. Kwa masekondi atatu ndinali patsogolo pa tekisi ija, ndipo ndinayamba kutembenuka kuti ndione nkhope ya dalaivala.

PHUU!

Sindikunama, galimoto yonse inagwedezeka. Kuphulikako kunachokera kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi mawondo anga. Mphamvu inathera pomwepo, utsi wakuda n'kuphimba kumbuyo. M'mutu mwanga munabwera mawu amodzi okha: atiwombera.

Zimene zinatsatira sindinaziganize. Thupi linachita lokha, ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti linachita mwadongosolo. Ndinaponda buleki. Ndinakoka handibuleki. Ndinazimitsa injini. Ndinazula kiyi. Ndinatenga foni pamene ndimaiika. Ndinatuluka, ndinatseka chitseko, ndipo ndili pa liwiro, chala changa chinachita zimene chinaphunzira ku Joni, kuti galimoto sumaisiya yosakhoma: ndinadina limoti. Ndinamva kumbuyo kwanga, pi-pi.

Ndinadutsa pakati pa matekisi awiri, ndinalumpha mbaula ya mayi wina wowotcha chimanga, ndinalowa m'sitolo yoyamba imene inali yotsegula. Inali ya nsalu. Ndinakabwanthama kuseri kwa mipukutu ya makatani.

Ndinadikira kuwombera kwachiwiri. Sikunabwere. Ndinadikira kukuwa kwa anthu, kutsekedwa kwa mashopu. Panalibe. Wailesi m'sitolomo inkaimbabe. Mayi wina ankapitiriza kunenerera mtengo wa leyisi. (Anthu a ku Joni amadziwa kulira kwa mfuti ngati mmene ife timadziwira kulira kwa nkhuku. Msewu wonsewo munthu amene anamva mfuti ndinali ine ndekha.)

Mmodzi wa ogulitsa, bambo wa kofiya, anasuzumira kuseri kwa makatani. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana panja.

"Achimwene, ndinu a kumudzi eti?" Anali wa ku Machinga. Manyazi akafuna kukupeza amatuma wakwanu. "Si yanu galimoto ikulira apoyo? Muli anthu m'katimo."

Muli anthu m'katimo.

Abale, ndakhalapo ndi malungo, koma kuzizira kumene ndinamva pamenepo sindinakumvepo.

Galimoto yangayo, monga zambiri za kuno, ukaikhoma ndi limoti sitsegukanso ngakhale uli m'kati. Ndipo ikamva chinthu chikuyenda m'katimo, alamu imalira. Ndinatuluka m'sitolo n'kuona sikolokolo yanga pakati pa msewu, magetsi akuphethira, ikukuwa ngati nkhumba yogwidwa miyendo. Kumbuyo kwake kunali mzere wa matekisi, onse akuliza mahutala. Pagalasi lakutsogolo panali nkhope ya mayi a Tadala. Pagalasi lakumbuyo panali nkhope ya apongozi, duku itapendekeka, atakumbatira khanda limene linkalira mopikisana ndi alamu.

Mtunda umene ndinauthamanga m'masekondi ochepa, pobwerera unatalika ngati wa ku Mwanza. Mayi wachimanga uja anaika manja m'chiuno.

"Hayibo, baba! Washiya umama nengane?"

Chizulu changa n'chochepa, koma tsiku limenelo ndinamva liwu lililonse: wasiya mayi ndi mwana.

Ndinadina limoti. Alamu inaleka. Ndinatsegula chitseko.

"Ndinapita kukafuna thandizo," ndinatero.

Mayi a Tadala ankayang'ana kutsogolo. Kenako kumbuyo kunamveka mawu ofatsa:

"Uwafunse bambo a Tadala ngati alipeza."

Amuna angapo anandithandiza kukankhira galimoto pambali, ena akuseka poyera, ena akundisisita paphewa. Munthu wanzeru akanaimbira makaniko pomwepo. Koma ine ndinali ndi ulemu wofunika kuutola pansi. Ndinatsegula boneti molimba mtima. Paipi ija inali itavuka, ili yasa kuyang'ana kumwamba, waya wanga akulendewera pambali ngati ndolo.

"Ndi kanthu kakang'ono," ndinalengeza mokweza kuti a kumbuyo amve. "Mayi a Tadala, takhalani apa. Mulize injini, kenako muponde ichi pang'ono. Ndikufuna ndione mmene mpweya ukutulukira."

Anasamukira pampando wanga. Ndinawerama, n'kuika nkhope pafupi ndi kamwa la paipi ngati dokotala.

"Pondani pang'ono!"

Anaponda. Sanaponde pang'ono. Mkwiyo wonse wa mayi amene mwamuna wake wamukhomera m'galimoto pamodzi ndi mayi ake ndi khanda unatsikira m'phazi limenelo. Injini inabangula, ndipo oyilo yense amene anadikha m'munsi mwa mapaipi zaka zonse za mzungu uja anatuluka nthawi imodzi. Anandipeza kumaso, m'mphuno, m'kamwa, n'kutsikira pamalaya a pa Mgonero. Anali wofunda.

"Basi! Basi!"

Anapondanso kachiwiri. (Mpaka lero amati sanamve.)

Pamenepo ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu n'kuimbira Che Jafali. Doornfontein si patali. Anafika ndi kabaki kawo, kagalimoto konyamulira katundu, pasanathe ola. Anayamba apita kumbuyo kukapereka moni kwa apongozi mwaulemu wonse, n'kufunsa za ulendo wawo ndi za mvula ya kumudzi. Kenako anabwera kwa ine. Anandiyang'ana nkhope. Ananyamula waya uja ndi zala ziwiri.

"Uyu ndi wa malaya."

"Kilampu inaduka, Che Jafali."

"Inaduka yokha?"

Ndinayang'ana pansi. Anapititsa chala pamlomo wa chitsulo paja, n'kununkhiza. Ananunkhizanso. Anatembenukira khanda limene linali m'manja mwa agogo ake, n'kubwereranso ku chala.

"Achimwene, injini yanuyi ikununkhira mwana."

Mayi a Tadala anatulutsa mutu pawindo. "Ndiye kumene anapita mafuta? M'mawa monse ndafunafuna, mpaka ndamudzoza mwana mafuta ophikira!"

"Ndinangopakako pang'ono kuti ilowe," ndinatero.

"Inalowa," anatero Che Jafali. "Ndipo mmene inalowera mosavuta, ndi mmenenso yatulukira. Paipi iyi imafuna pouma kuti igwire. Inu mwaipatsa poterera, mwaimanga ndi chopachikira malaya, kenako mwaponda pachitunda. Tebo ikakankha mpweya, mukuganiza kuti ipita kuti? Thokozani Mulungu kuti yavuka paipi yokha."

Anatsuka malo aja ndi petulo mpaka kuuma gwa, anadula nsonga yofewa ya labala, anaika kilampu yatsopano. Sizinatenge mphindi khumi. Potseka boneti anatsitsa mawu kuti ndimve ndekha. "Uja wa m'sitolo ya nsalu ndi mphwanga wa kwa amayi. Wandiuza zonse. Galimoto ndakonza. Zinazo sipanala yake ndilibe."

Mabulangete tinagula. Ine ndinatsalira panja, chifukwa palibe mwini sitolo amene akanandilola kuyandikira katundu wake. Pobwerera ndinkayenda mmene Che Jafali anandiuzira poyamba paja.

Kunyumba, apongozi atatuluka ndi mwana kukakhala pamthunzi, ndinayesa kuseka kuti nkhani ipepuke. Mayi a Tadala ankapinda matewera. Sanaseke.

"Kuthawa sindikukudandaula," anatero. "Nanenso ndinaopa. Aliyense amaopa. Koma foni munaikumbukira. Kiyi munamukumbukira. Ndinakuonani ndi maso angawa, munaima kaye n'kutenga foni."

Ndinafuna kunena kuti thupi linachita lokha, koma ndinaona kuti pamenepo ndiye poipa kwambiri. Ndinangokhala pamphepete pa bedi, oyilo akadali m'makutu, n'kunena kuti pepani. Ndinanena kangapo sabata imeneyo. Usiku khanda likalira ndinkadzuka ndine, osadikira kugwedezedwa.

Tsiku loperekeza apongozi kubasi, katundu atakwezedwa, amayiwo anachita chinthu chimene sanachitepo miyezi iwiri yonse. Anatembenukira kwa ine, osadzera kwa mwana wawo.

"Bambo a Tadala, mwandisunga bwino. Za tsiku lija musadandaule. Kumudzi sindikanena."

Misozi inalengeza. Ndinawomba m'manja mwaulemu, ndinathokoza mobwerezabwereza. Basi itachoka ndinauza mayi a Tadala kuti ali ndi mayi wa mtima wagolide.

"Akanenanso chiyani?" anatero. "Ananena kale tsiku lomwelo. Munali pansi pa boneti, iwo akujambula mawu pafoni yanga kutumiza kwa azakhali."

Madzulo ake anandiimbira amalume anga a ku Ntcheu. Sanapereke ndi moni womwe. Anangofunsa kuti ndi zoona kuti ndinalumpha moto.

Phunziro lilipo, ndipo ndimaliuza aliyense wa galimoto ya dizilo yokalamba: kaoyilo pang'ono m'mapaipi sikapha munthu, koma makaniko akati musagwirepo, ikani manja m'thumba. Limenelo ndinaligwira. Linalo ndi limene sindikudziwa. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti itadzalira mfuti yeniyeni ndidzatani, ndipo ndimadziyankha kuti ndidzaima nji. Ndimakhulupirira ndithu.

Mayi a Tadala sanadikire kuti tidzaone. Mwezi wotsatira analembetsa sukulu yoyendetsa galimoto, ndipo anakhoza ulendo woyamba. Masiku ano tikamayenda tonse amayendetsa ndi iwo. Ine ndimakhala kumbuyo ndi Tadala, ndipo zitseko zakumbuyozo anatchera kaloko koteteza ana, kaja koti sungatsegule uli m'kati. Amati n'chifukwa cha mwana.

Mwanayo sanayambe n'kukwawa komwe.